Mayi Kalachi Agula Galimoto Yawoyawo

Dzina lakuti Mayi Kalachi anawapatsa ndi ophunzira awo, ndipo linawakakamira mpaka anthu ena kutchalitchi sankadziwa kuti ali ndi lina. Kwa zaka makumi awiri ndi zinayi anagwira ntchito pasukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, atakhala pampando wa pambali, phazi lili chire pa buleki yachiwiri ija amaikira mphunzitsi. Tsiku lonse mawu awo anali amodzimodzi: "Kalachi, mwanawe. Ponda kalachi usanasinthe giya. Tula phazi pang'onopang'ono." Anaphunzitsa anamwino, abusa, ana a mabwana, azimayi amalonda, ngakhale mkulu wina amene ankatsinzina akaona lole ikubwera kutsogolo. Onsewo anatenga malayisensi, ambiri n'kugula magalimoto awo, ndipo akawaona pamsewu ankawalizira hutala uku akudutsa. Iwo ankabayibitsa ali pa siteji, akudikira basi.

Sanali munthu wofatsa. Anali aafupi, a mapewa otakata, magalasi atalendewera pa chingwe m'khosi, ndipo akakwiya khosilo linkayamba kufufuma mawu asanatuluke. Koma chimene ambiri sankadziwa n'chakuti mayiwa ankakonda kuyendetsa monga mmene ena amakondera kuvina. Anaphunzira ali mtsikana pa galimoto yonyamula buledi imene bambo awo ankayendetsa, ndipo kuyambira pamenepo dzanja lawo likangogwira giya mtima unkakhala pansi. Tsoka lake, ntchito imene anaipeza inali yoletsa ena kuthamanga. Chiwongolero ankachigwira mphindi zisanu ndi ziwiri zokha pa tsiku, potenga galimoto ya sukulu kugalaja kupita nayo pabwalo la migolo pomwe ophunzira ankadikira. Zotsalazo kunali kukhala pambali, kumamva injini ikuzimitsidwa ndi anthu a miyendo yonjenjemera.

Mwini sukuluyo atamwalira, mwana wake anabwera ndi nzeru zatsopano. Anagulitsa magalimoto onse akale n'kubweretsa osintha okha magiya. Lachisanu lina masana anaitanira Mayi Kalachi mu ofesi, anawapatsa mpando, n'kuwafunsa ngati angamwe tiyi. Atangomva za tiyi anadziwa kuti kulibe zabwino, chifukwa zaka zonsezo palibe anawapatsapo tiyi mu ofesi imeneyo.

"Amayi, mwatigwirira ntchito yaikulu," anatero bwana watsopanoyo, maso ali pa kompyuta. "Koma dziko lasintha. Anthu masiku ano safuna zovutika ndi magiya. Komanso, musandimve molakwa, ophunzira ena akudandaula kuti mumakalipa."

Mayi Kalachi anali atamuona munthuyu ali khanda akukwawa mu ofesi momwemo, choncho sanavutike n'kumutchula kuti bwana. "Pa onse amene ndinawakalipira, wamva kuti ndani anapha munthu pamsewu?"

Iye anangokankhira patsogolo pawo envelopu ya ndalama zopumira ntchito, pamodzi ndi wotchi ya pakhoma yokulungidwa m'pepala lonyezimira. Envelopu anatenga. Wotchi anaisiya pomwepo patebulo.

Kunyumba anatha masabata awiri akumenyetsa zitseko. Amuna awo anali telala, munthu wa mawu ochepa, amene ankasokera m'kachipinda ka kutsogolo. Iwo anangochepetsa wayilesi n'kumapitiriza kupalasa makina. Mayi Kalachi anachapa makatani osada, anasuntha makabati, anakangana ndi woyandikana nawo nyumba pa nkhani ya madzi otsika padenga. Mmawa wina anaimirira pakhomo pa kachipinda kaja, manja ali m'chiuno.

"Bambo, ndigula galimoto."

Telalayo anachotsa mapini pakamwa. "Yoti muzinyamula anthu?"

"Yoti izinyamula ine."

Anayang'ana nsalu imene inali pamakina, kenako akazi awo. "Ndalama ija ikwana?"

"Ya yatsopano sikwana ngakhale chitseko. Ya yakale ikwana, ndikasankha ndi maso." Anayamba kupinda zala: ikhale yotchipa, isakhale yogonera kugalaja, zitsulo zake zizipezeka m'sitolo iliyonse, isamwe mafuta ngati chidakwa. "Ndipo ikhale ya magiya a pamanja, yaing'ono, yopepuka. Yoti ndikaiponda izimva, ndikaikhotetsa izikhota osayamba yandifunsa kaye. Ndatopa n'kukhala pambali."

"Gulani," anatero amuna awo, n'kubwezera mapini pakamwa. Cholakwa chawo chinali chimodzi: Lamlungu potuluka m'tchalitchi anauza alamu awo, achimwene a Mayi Kalachi.

Achimwenewa anali oyamba kubadwa m'banjamo, ndipo chipumireni pa ntchito yawo yoyang'anira nyumba yosungira katundu, abale onse anasanduka katundu woti aziwayang'anira. Kukhale ukwati, kukhale maliro, mwana alephere mayeso, oitanitsa msonkhano anali iwo. Layisensi analibe. Anayesapo kawiri pasukulu ya mlongo wawo yomweyo, kawiri konse anagunda migolo, ndipo ankanenabe kuti woyesayo ankadana nawo.

Anafika masana omwewo ndi akazi awo, anakhala pampando waukulu, n'kuika chipewa pabondo.

"Ndamva nkhani yabwino, mlongo wanga. Mulungu wakumbukira banja lathu. Ndiye ndaganiza kale, tigula ija ya mipando isanu ndi itatu. Ukudziwa mmene timavutikira pakagwa zovuta, kupemphapempha kwa anthu ngati tilibe wathu."

"Tigula ndani ndi ndani, achimwene?"

"Ndalama n'zako, palibe akukana. Koma galimoto m'banja si ya munthu mmodzi."

"Ine ndikufuna kakang'ono, koti ndizisangalala nako pamsewu."

Achimwene anaseka n'kuyang'ana akazi awo, nawonso anaseka pang'ono. "Kusangalala? Mayi wa zaka makumi asanu ndi zitatu, wa zidzukulu? Zimenezo siyira anyamata. Ndipo kogulako usapite wekha. Anthu aja akaona mzimayi amakweza mtengo, n'kumugulitsa chibokosi chopanda injini. Ndipita nawe Lachitatu."

Khosi la Mayi Kalachi linafufuma, koma mawu anawameza. Bambo awo atamwalira, anali achimwenewa amene anasiya sukulu kuti ang'onoang'ono adye, ndipo chimenechi chinkawatseka pakamwa nthawi zambiri. Alendo atapita anatsuka makapu mwaukali moti imodzi inathyoka chogwirira.

Lachitatu anakwera basi limodzi. Malo ogulitsirawo anali bwalo la miyala lozingidwa ndi waya, timbendera tapulasitiki tikukupiza m'mwamba, magalimoto atandandalikidwa mizere itatu, mitengo italembedwa ndi choko pa magalasi. Wogulitsa anatuluka m'kontena imene inali ofesi yake, nsapato zosongoka, makiyi akuzungulira pa chala. Dzanja la achimwene analigwira ndi manja awiri.

"Bwana, takulandirani. Ija munanena pafoni ndakusungirani. Anthu atatu aifuna kale, ndawakaniza." Kenako anaponya diso kwa Mayi Kalachi. "Amayi akhoza kukhala pamthunzipo, dzuwa likuwawa."

Apa m'pamene anadziwa kuti nkhaniyi inakambidwa kale iwo kulibe. Pamthunzi sanakhale. Anawatsatira mpaka pa chigalimoto choyera, chachitali ngati kabasi, chopukutidwa mpaka kuthobwa m'maso, matayala atapakidwa zakuda.

"Yayenda makilomita angati?" anafunsa.

"Zikwi makumi asanu ndi limodzi basi, bwana," wogulitsayo anayankha akuyang'ana achimwene. "Mwini wake anali dona wina, ankangopita nayo kutchalitchi."

Mayi Kalachi anaika chikhatho pa boneti. Inali yofunda, chikhalirecho galimotoyo inali pansi pa denga ndipo naini koloko inali isanakwane. Munthu wodzutsa injini ogula asanafike amakhala ndi chimene akubisa. Mwina ikazizira imatsokomola utsi. Anatsegula chitseko n'kugwada, mawondo akulira, kuti aone pansi pa chiwongolero. Mphira ya pa buleki inali itadyeka mpaka chitsulo kuonekera. Iwo anali atakalamba akuona mmene mapazi amadyera mphira imeneyo, ndipo iyi sinali ntchito ya dona wa kutchalitchi. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyiloyo anali wolemera ngati uchi, wothiridwa dala kuti kugogoda kwa injini kusamveke. Atatukula kapeti wa kumbuyo fungo la chinyontho linawamenya m'mphuno, ndipo pa zitsulo za mipando panali mzere wa matope ouma.

"Bweretsa makiyi."

"Ndiyendetsa ndine, amayi, inu mukhale kumbuyo mumve mmene ikukomera. Ndi yaikulu iyi."

"Bweretsa makiyi."

Anawapatsa, akumwetulira ngati munthu woyembekezera kuona zoseketsa. Injini itangolira wayilesi inabangula, iwo anaizimitsa. Anatulutsa chigalimotocho chobwerera m'mbuyo pakati pa mizere iwiri, mpata wa chikhatho uku ndi uku, osaima n'kamodzi komwe, ndipo kumwetulira kwa wogulitsa kunachepa. Pamsewu wowongoka anamasula manja pang'ono, galimotoyo n'kukokera kumbali ngati ikufuna kukagona m'ngalande. Pa chitunda magiya ake osintha okhawo anadodoma, kenako anawagwedeza onse atatu mpaka chipewa cha achimwene chinagwa. Anabwerera, anaimika pamalo pake penipeni, n'kuzimitsa.

"Iyi yayenda kuposa zikwi mazana awiri, mita munaibweza. Inamira m'madzi mpaka m'mipando. Kutsogolo kuno inagundapo, n'chifukwa chake ikukoka. Magiya atsala ndi miyezi, osati zaka."

Wogulitsa anatembenukira kwa achimwene, mano ali pamtunda. "Bwana, amayiwa amuna awo ndi makaniko eti? Awalowezetsa bwino ndithu."

Pamenepo mawu onse amene anameza Lamlungu anakwera limodzi.

"Yang'ana kuno. Wofunsa ndine, ndalama zili ndi ine, makiyi ali m'manja mwanga, ndiye ukuyankha chipewa chifukwa chiyani? Ndinayamba kuyendetsa iwe usanamere mano. Ukufuna kundigulitsa bokosi la maliro la mipando isanu ndi itatu, ndikamalize abale anga onse ulendo umodzi, ndiye ukuti ndikhale pamthunzi?"

Anaponya makiyi pampando n'kutuluka. Anthu awiri amene ankaona magalimoto pamzere wina anamva zonse, ndipo nawonso anayamba kulowera kugeti.

Achimwene anawapeza pa siteji ya basi, akupuma wefuwefu.

"Wandichititsa manyazi. Munthu uja ndi mwana wa mnzanga wa mukwaya. Ndinamuuza kuti titenga. Abale onse ndawauza kale kuti banja lapeza galimoto."

"Ndiye mukawauzenso kuti banja lataya."

"Mtima wakowu ndi umene unakuchotsetsa ntchito."

Mawu amenewo analasa penipeni. Mayi Kalachi anavula magalasi n'kuwasiya alendewere pachifuwa. "Atandichotsa ntchitoyo munabwera kudzandipepesa? Masabata awiri, ngakhale foni. Mwangomva fungo la galimoto, tsiku lomwelo muli pampando wanga waukulu."

"Ukuyankhula ndi ine choncho? Anakulera ndani bambo atatisiya?"

"Munandilera, ndipo sindidzaiwala. Koma simunandigule."

Basi itafika anakwera okha. Achimwene anatsala, akuti adikira ina.

Kuyambira pamenepo Mayi Kalachi anayenda okha, masabata asanu ndi limodzi, magalimoto khumi ndi imodzi. M'chikwama ankayenda ndi tochi, nsanza, ndi kamaginito kochotsa pa chitseko cha firiji. Pamene kamaginitoko kakana kumata ankadziwa kuti pansi pa penti pali phala lobisa bala la ngozi. Kulikonse nyimbo inali imodzi: "Amayi, abambo abwera liti kuti tikambirane?" Wina anawalangiza kuti atenge yosintha yokha magiya, poti zinazi azimayi zimawasokoneza. Anamuyang'ana osaphethira mpaka munthuyo anayamba kukanda m'mutu.

Panali ina yofiira, yokoma kuyendetsa moti anatsala pang'ono kutulutsa ndalama. Koma makaniko amene ankakonza magalimoto a kusukulu kuja, mnzawo wa zaka zambiri, anapukusa mutu. "Iyi ikathyoka kachitsulo kamodzi mudzadikira miyezi itatu kuti kachokere kunja. Mudzaweta nkhuku m'menemo." Panalinso ina yotuwa, yamphumphu, yopanda chilema chilichonse, koma kuiyendetsa kunali ngati kukankha wilibala ya mchenga. Amuna awo anati, "Tengani yomweyo, mwatopa." Anaiganizira masiku awiri, ndipo ataona kuti atsala pang'ono kuvomera anadzipsera mtima okha.

"Moyo wanga wonse ndakhala ndikutenga yomweyo," anatero. "Ulendo uno ayi."

Anali makaniko uja amene anawaimbira foni mmawa wina. Panali dokotala wa ziweto, mayi wachikulire, amene galimoto yake makanikoyo anaisamalira zaka zisanu ndi zinayi. Bondo la dokotalayo linali litakana kuponda kalachi, ndiye ankafuna kugulitsa. "Ndikuidziwa ngati mwana wanga," anatero makaniko. "Koma ndikuchenjezeni, ili ndi zitseko ziwiri."

Anaipeza kuseri kwa kachipatala ka ziweto, agalu akuuwa m'makola. Kanali kagalimoto kobiriwira, kafupi, penti ya padenga itasupuka ndi dzuwa. Boneti inali yozizira. Dokotalayo anatuluka akutsimphina, ndodo kudzanja limodzi, kulinalo kabuku kodetsedwa ndi zala za oyilo, momwe munalembedwa tsiku lililonse limene galimotoyo inapita kugalaja.

"Ndikuuzirenitu zoipa zake, amayi, tisatayitsane nthawi. Zenera la mbali iyo limatsika theka lokha. Choziziritsa mpweya chinafa kalekale. Matayala awiri akumbuyo atha. Ndipo imanunkha galu, ndayesa zonse."

Mayi Kalachi anali atabwera ndi mkwiyo wokonzeratu monga ankachitira kwina konse, ndipo tsopano anasowa poutula. Anayendetsabe kamaginito kuzungulira konse, anagwada, anawalitsa tochi pansi. Kamaginito kanamata paliponse. Injini inadzuka atangopotokola kamodzi, utsi osaoneka.

"Tiyeni kumtunda kwa thanki ya madzi," anatero dokotala atakhala pambali. "M'tauni muno simungaimve."

Msewu wa kuthankiwo unali wopapatiza, wokhotakhota, wokwera pakati pa miyala ndi mitengo, ndipo nthawi imeneyo munalibe anthu. Giya inkalowa ndi zala ziwiri zokha, kuti tcha, ngati kiyi pa loko wabwino. Chiwongolero chinali chaching'ono, ndipo msewu wonse ankaumva m'manja, pamene pali mchenga, pamene phula lasweka. Pokhota poyamba anachepetsa mwa chizolowezi mpaka kufika pa liwiro lija la ophunzira.

"Pondani, amayi," anatero dokotala. "Ilibe mantha iyi."

Anatsitsa giya n'kuponda. Kagalimotoko kanadzambatuka, kanalowa pokhota, kanagwira msewu, kanatuluka kali tsonga. Pokhota pachiwiri Mayi Kalachi anadzimva akuseka, kuseka kochokera m'mimba kumene anali atakuiwala. Atafika pamwamba anaimika pafupi ndi mpanda wa thanki, manja akadali pa chiwongolero, ndipo kuseka kuja kunasanduka china. Misozi inatsika, koma sinali ya chimwemwe chokha. Anali atapsa mtima. Zaka zonsezi msewu uwu unalipo, timagalimoto totere tinalipo, iwo ali pabwalo la migolo kuzungulira malo amodzi ndi ana a eni.

Dokotalayo anangowapatsa kansalu kopukutira, nakonso konunkha galu.

Mtengo anagwirizana pomwepo popanda kukokana. Ndalama yotsalayo inakwana matayala awiri ndi lamba wa injini amene makaniko anati asinthiretu.

Kunyumba amuna awo anazungulira kagalimotoko kamodzi, anasisita mpando, n'kunena kuti asoka zovundikira zatsopano kuti fungo lichepe. Mwana wawo wamkazi, amene ankabwera Loweruka ndi ana ake, anawerenga zitseko mokweza. "Chimodzi, ziwiri. Amayi, zinazo munaziiwala kogula?" Koma anakwera, ndipo pobwerera anatsika maso akuwala, akufunsa ngati Loweruka linalo angapitenso.

Abale ena sanaseke. Mawu anayamba kufika kudzera mwa anthu: akuti wagula chidole, akuti ndi wodzikonda, akuti wasankha dala zitseko ziwiri kuti asamanyamule munthu. Pomaliza apa sankanama kwenikweni, ndipo Mayi Kalachi sanavutike n'kutsutsa. Pa ukwati wa mwana wa msuweni wawo abale anachita hayala basi monga ankachitira kale. Iwo anafika ndi amuna awo okha, ndipo achimwene atawaona anatembenuka n'kumayang'ana khoma. Inatha miyezi inayi osalankhulana.

Mwezi wachisanu alamu awo, akazi a achimwene aja, anafika okha mmawa wa Lamlungu n'kukhala m'mphepete mwa mpando. Anati achimwene ali ndi bala paphazi losapola chifukwa cha matenda a shuga, ndipo kuchipatala anawauza kuti azipita Lolemba ndi Lachinayi kukatsukitsa. M'basi anthu ankawaponda.

"Akutumani ndi iwo?"

"Ayi, alamu. Sakudziwa n'komwe kuti ndabwera kuno. Mukuwadziwa."

"Ndikuwadziwa. Akauze mwana wa mnzawo wa mukwaya uja aziwanyamula."

Alamuwo anapita misozi ili lengelenge. Mayi Kalachi analowa m'kachipinda ka makina n'kuyamba kufotokozera amuna awo zonse zimene achimwene ananena pa siteji paja, mawu ndi mawu, ngati kuti sanazimvepo. Telalayo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kudula ulusi ndi mano.

"Zonsezo n'zoona," anatero. "Lolemba ndi mawa."

Lolemba, hafu pasiti sikisi, kagalimoto kobiriwira kanaima pakhomo pa achimwene. Hutala sanalize, kutsikanso sanatsike. Patapita nthawi achimwene anatuluka atatsamira akazi awo, phazi litakulungidwa, ataonda moti kolala ya shati inkangolendewera m'khosi. Mlongo wawo ataona zimenezi anayang'ana kumbali n'kukukuta mano. Kenako anatsika, anapinda mpando kuti alamu alowe kumbuyo, n'kuukankhira mpaka kumapeto kuti phazi lodwalalo lipeze malo.

Anayenda mpaka pa maloboti achiwiri.

"Muno mukununkha galu," anatero achimwene.

"Tsegulani zenera."

Anapukusa chogwirira, zenera linaima pakati. "Ngakhale zenera lake ndi loperewera."

"Mutu wanu ukwana mukafuna kutuluka."

Kumbuyo alamu anatsokomola kubisa kuseka. Pokhotera kuchipatala achimwene anagwira chitseko ndi manja awiri n'kunena kuti mlongo wawo akufuna kuwapha, chikhalirecho njinga inali itangowapitirira. Mayi Kalachi anaimika pakhomo penipeni, anapita okha kukatenga njinga ya odwala, ndipo mlonda atawauza kuti pamenepo saimikapo, mkwiyo wonse wa mmawa umenewo unagwera iye.

Anawanyamula choncho miyezi itatu, Lolemba ndi Lachinayi, mpaka bala linatseka. Palibe anapepesa mnzake. Achimwene mpaka lero amauza anthu kuti mlongo wawo anagula molakwa, ndipo akakumana pa misonkhano ya banja amakangana monga kale, kungoti tsopano Mayi Kalachi samezanso mawu.

Kagalimotoko kali nawo chaka chachitatu, ndipo kanagonapo kugalaja kamodzi kokha, pampu ya madzi itaboola. Masiku ano mayiwa amanyamula mayunifolomu amene amuna awo amasoka n'kukapereka m'masukulu a kunja kwa tauni, mitolo itadzaza pampando wa kumbuyo mpaka kudenga. Telalayo anasiya kufunsa chifukwa chimene ulendo wa mphindi makumi awiri umawatengera ola lathunthu.